Slice (masewera a gofu)

Slice ndi kamenyedwe kolakwika pa masewera a gofu komwe mpira umakhotera kwambiri kumanja uli m'malere, ngati wosewerayo amagwiritsa ntchito dzanja lamanja. Kwa munthu wamanzere, mpira umakhotera kumanzere. Ili ndi limodzi mwa mavuto ofala kwambiri pakati pa anthu osewera gofu mongosangalala, ndipo limakula akamamenya ndi driver, ndodo yomwe amayambira nayo maenje ataliatali. Gwero lalikulu la vutoli ndi ili: pa nthawi yomwe ndodo ikugunda mpira, nkhope ya ndodoyo imakhala itayang'ana kumanja poyerekeza ndi njira yomwe mutu wake ukudutsa. Njira zambiri zothetsera slice cholinga chake ndi kuchepetsa kusiyana kumeneku.

Zonse zomwe zafotokozedwa m'munsimu zikunena za wosewera wa dzanja lamanja. Kwa wamanzere, palipose pamene palembedwa kumanja pakhale kumanzere.

Ndodo ya driver ndi mbali zake

Malamulo a gofu, omwe amayendetsedwa ndi mabungwe a The R&A ku Scotland ndi USGA ku America, amalola wosewera kunyamula ndodo zosapitirira 14. Mwa ndodo zomenyera kutali, driver ndiyo yaitali kwambiri komanso ya mutu waukulu. Kukula kwa mutuwo sikuloledwa kupitirira 460 cc, ndipo kutalika kwa ndodo yonse sikuyenera kupitirira mainchesi 48. Driver zambiri zogulitsidwa masiku ano zimakhala za mainchesi 45 kapena kupitirirako pang'ono.

Ndodoyi ili ndi chogwirira cha labala, mpini, ndi mutu. Mbali ya mutu yomwe imagunda mpira imatchedwa nkhope. Mbali ya nkhope yoyandikira mpini imatchedwa chidendene, ndipo mbali yakutali ndi mpini ndiyo nsonga. Nkhope ya ndodo iliyonse ndi yopendekera kumbuyo kuti mpira uzikwera m'mwamba. Pa driver kupendekekaku ndi kochepa, nthawi zambiri madigiri 8 mpaka 12, pomwe ndodo zachitsulo zomenyera pafupi zimapitirira madigiri 40. Osewera amati nkhope ndi yotseguka ikayang'ana kumanja, ndipo amati ndi yotsekeka ikayang'ana kumanzere.

Chomwe chimakhotetsa mpira

Mpira wa gofu umakhudzana ndi ndodo kwa kanthawi kochepa zedi, pafupifupi theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'kanthawi kameneko ulendo wonse wa mpira umakhala wagamulidwa, ndipo zomwe wosewera angachite pambuyo pake sizisinthanso kanthu.

Mpira womenyedwa bwino umauluka ukuzungulira chobwerera m'mbuyo. Kuzungulira kumeneku, mothandizidwa ndi timaenje tambirimbiri ta pakhungu la mpirawo, kumapangitsa kuti mpweya uziukankhira m'mwamba. Mphamvu imeneyi imadziwika ndi dzina la Heinrich Gustav Magnus, wasayansi wa ku Germany yemwe anaifotokoza m'chaka cha 1852. Nkhope ikakhala yotseguka poyerekeza ndi njira ya ndodo, mpira umalandira nkhonya ya m'mbali, ndipo umayamba kuzungulira utapendekera kumanja. Pamenepo mphamvu ija siikankhiranso m'mwamba mokha. Gawo lina limakankhira mpira kumanja, monga momwe ndege imakhotera ikapendeketsa mapiko. Zofanana ndi zimenezi zimaoneka pa mpira wamiyendo pamene wosewera wamenya ndi kunja kwa phazi lamanja, mpira n'kukhotera kumanja.

Slice siingosocheretsa mpira kokha, imadyanso mtunda. Nkhope yotseguka imakweza mpira kwambiri ndi kuonjezera kuzungulira kwake, motero mphamvu yambiri imathera m'mwamba ndi m'mbali.

Chifukwa chake vutoli limakula pa driver

Anthu ambiri amamenya mowongoka ndi ndodo zazifupi koma akagwira driver mpira umathawira kumanja. Pali zifukwa zinayi zodziwika.

Choyamba ndi kuchepa kwa kupendekeka kwa nkhope. Ndodo yopendekeka kwambiri imapatsa mpira kuzungulira kochuluka kobwerera m'mbuyo, komwe kumabisa kulakwa kwa m'mbali. Malinga ndi kuwerengera kwa kampani ya TrackMan, kusiyana kwa digiri 1 pakati pa nkhope ndi njira kumapendeketsa kuzungulira kwa mpira ndi madigiri pafupifupi 4 pa driver, pomwe pa ndodo yachitsulo ya nambala 6 ndi madigiri pafupifupi 2. Kusiyana kwa madigiri 5 okha, komwe diso silingakuone, kungathe kukhotetsa mpira wouluka mamita 200 ndi mamita oyandikira 30. Mtunda umenewu ndi wokwanira kutulutsa mpira m'njira ya kapinga wometedwa, yotchedwa fairway, n'kuugwetsera m'tchire.

Chachiwiri ndi mtunda womwewo. Mpira wa driver umakhalitsa m'malere, choncho umakhala ndi nthawi yokwanira yokhota.

Chachitatu ndi kutalika kwa mpini. Mutu ukakhala kutali ndi manja, kuubweza uli wolunjika bwino kumavuta, ndiponso kugunda mpira ndi pakati penipeni pa nkhope sikophweka.

Chachinayi ndi malo omwe mpira wagunda pa nkhope. Mpira ukagundidwa ndi chidendene, mutu wa ndodo umapotoka pang'ono, ndipo mpira umazungulira motsutsana ndi kupotokako monga amachitira magiya awiri olumana. Zotsatira zake ndi kukhotera kumanja, ngakhale nkhope ndi njira zinali bwino. N'chifukwa chake opanga driver amapanga nkhope yotukuka pakati, kuti mpira wogundidwa ndi chidendene uyambire kumanzere pang'ono kenako ubwerere.

Momwe vutoli linadziwikira

Kafukufuku wa kauluke ka mpira wa gofu anayamba kalekale. M'zaka za m'ma 1890, Peter Guthrie Tait, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Edinburgh, analemba za momwe kuzungulira kumanyamulira mpira komanso kuukhotetsa. Mu 1968 kunatuluka buku la Search for the Perfect Swing, lolembedwa ndi Alastair Cochran ndi John Stobbs, lomwe linafotokoza zotsatira za kuyeza kamenyedwe ka osewera ndi makamera othamanga. Mphunzitsi wa gofu wa ku England, John Jacobs, anatchuka pophunzitsa kuti mphunzitsi aziyamba wayang'ana momwe mpira waulukira asanayambe kukonza thupi la wophunzira. Mu 1994 Theodore Jorgensen anatulutsa buku la The Physics of Golf, momwe anasonyeza ubale wa nkhope, njira ya ndodo ndi kupendekeka kwa kuzungulira kwa mpira.

Kwa zaka zambiri aphunzitsi ochuluka ankanena kuti mpira umayambira komwe ndodo ikulowera, ndipo nkhope imangoukhotetsa. Makina oyezera a TrackMan, kampani yomwe inayamba ku Denmark mu 2003, anasonyeza kuti pa driver nkhope ndiyo imalamula pafupifupi magawo 85 mwa 100 a komwe mpira uyambire. Izi zinasintha kaphunzitsidwe, chifukwa zikutanthauza kuti wosewera angathe kudziwa komwe nkhope inayang'ana pongoona komwe mpira wayambira.

Kuwerenga kauluke ka mpira

Wosewera yemwe alibe makina oyezera angathe kudziwa mtundu wa vuto lake poyankha mafunso awiri: mpira wayambira kuti, ndipo wakhotera kuti. Komwe wayambira kumaonetsa nkhope. Komwe wakhotera kumaonetsa kusiyana kwa nkhope ndi njira. Pali mitundu itatu ya slice.

Mpira woyambira kumanzere kenako n'kukhotera kumanja umasonyeza kuti nkhope inayang'ana kumanzere kwa chandamale, koma njira ya ndodo inalowera kumanzere koposa. Uwu ndi mtundu wofala pakati pa ophunzira.

Mpira woyambira molunjika kenako n'kukhotera kumanja umasonyeza kuti nkhope inayang'ana pa chandamale, koma ndodo inadutsa mopingasa kuchokera kunja kulowera mkati, kumbali ya mwendo wamanzere.

Mpira woyambira kumanja n'kupitiriza kukhotera komweko umasonyeza kuti vuto lalikulu ndi nkhope yotseguka. Njira ya ndodo ingakhale ili bwinobwino.

Funso lachitatu ndi la malo omwe mpira wagunda. Poyeserera, wosewera angathe kupaka choko kapena paudala pa nkhope ya driver, n'kumenya mipira isanu. Zidindo zikaunjikana cha kuchidendene, ndiye kuti mbali ina ya vutolo yapezeka.

Zomwe zimayambitsa m'thupi

Choyambitsa chachikulu ndi kagwiridwe. Manja akatembenukira kwambiri kumanzere pa chogwirira, nkhope imafika pa mpira ili yotseguka. Kufinya ndodo mwamphamvu kumaumitsanso mikono, mutu wa ndodo n'kulephera kutembenuka pa nthawi yake. Dzanja lamanzere likapindikira kumbuyo ndodo ili pamwamba, nkhope imatsegukanso.

Choyambitsa china ndi kuyamba kutsitsa ndodo ndi mapewa. Wosewera akatero amaponya mutu wa ndodo kunja, n'kuutsitsa chotsetsereka ngati akuwaza nkhuni ndi nkhwangwa. Driver imafuna kayendedwe kozungulira thupi, kofanana ndi ka munthu wotchetcha udzu, komwe mutu umasesa mpira kuchoka pa kachikhomo kotchedwa tee.

Mavuto awiriwa amadyetsana. Munthu akaona mpira wake ukuthawira kumanja, amayamba kulozetsa mapazi ndi mapewa kumanzere, n'kukokera ndodo komweko. Zimenezi zimakulitsa kusiyana kwa nkhope ndi njira, ndipo mpira umakhota koposa kale. Kulozetsa thupi kumanzere kungapulumutse mpira umodzi pa tsikulo, koma sikuchiza vutolo.

Kukonza kwake

Aphunzitsi ambiri amalangiza kuyamba ndi nkhope, njira ibwere pambuyo. Chifukwa chake n'chakuti kukokera ndodo kumanzere nthawi zambiri ndi yankho la thupi pa nkhope yotseguka. Wokonza njira yokha, nkhope ikadali yotseguka, amaona mpira ukuyambira kumanja n'kukhoteranso kumanja, ndipo posachedwa amabwerera ku chizolowezi chakale.

Gawo loyamba ndi kagwiridwe. Chogwirira chigone m'zala za dzanja lamanzere, osati pakati pa chikhatho. Wosewera akayang'ana pansi aziona mfundo ziwiri kapena zitatu za kuseri kwa dzanjalo. Kampata ka pakati pa chala chachikulu ndi chala cholozera, pa manja onse awiri, kaloze ku phewa lamanja. Kagwiridwe kameneka kamatchedwa kamphamvu, koma dzinali likunena za momwe manja atembenukira, osati kufinya. M'masiku oyamba kamamveka kachilendo m'manja, ndipo ambiri amakasiya kasanazolowereke.

Gawo lachiwiri ndi kuphunzira kutseka nkhope. Njira yodziwika ndi kuyendetsa ndodo m'malere pa msinkhu wa m'chiuno, ngati ukumenya mpira wopachikidwa, n'kumva mkono wamanja ukudutsa pamwamba pa wamanzere. Kenako wosewera amatsitsa ndodo pang'onopang'ono mpaka pansi. Chizindikiro choti gawoli latheka ndi mpira woyambira kumanzere n'kupita komweko mowongoka, kapena wokhotera kumanzere. Ngakhale mpira wotere sunagwe pabwino, umasonyeza kuti nkhope siilinso yotseguka poyerekeza ndi njira.

Gawo lachitatu ndi kaimidwe. Mpira ukhale moyang'anana ndi mkati mwa chidendene cha phazi lamanzere. Ukapita kutsogolo kwambiri, mapewa amatembenukira kumanzere okha. Mapazi, chiuno ndi mapewa zikhale pa mizere yoyendera limodzi ndi mzere wa chandamale, monga njanji. Ndodo ina yogonekedwa pansi imathandiza kuona zimenezi. Phewa lamanja litsike pang'ono kuposa lamanzere, ndipo theka la mpira lionekere pamwamba pa mutu wa driver.

Gawo lachinayi ndi njira. Wosewera atembenuze mapewa mokwanira mpaka msana uloze ku chandamale, kenako ayambe kutsika posamutsira kulemera kwa thupi ku phazi lamanzere, mapewa asanatseguke. Poyeserera amaika chinthu chofewa, monga botolo lapulasitiki lopanda kanthu, kunja kwa mpira komanso kumbuyo kwake pang'ono. Ndodo yobwera kuchokera kunja imagunda botololo, pomwe yobwera kuchokera mkati imalidutsa. Ndi bwino kuyamba ndi theka la mphamvu, chifukwa chizolowezi chakale chimabwerera munthu akamenya ndi mphamvu zonse.

Gawo lomaliza ndi kugunda pakati pa nkhope. Kugwira ndodo motsikirako masentimita awiri kapena atatu kumaifupikitsa, ndipo ambiri amapeza kuti mtunda sunachepe chifukwa mpira ukugundidwa pamalo abwino.

Si malangizo onse a akatswiri omwe amathandiza munthu wa slice. Ben Hogan, yemwe buku lake la Five Lessons linatuluka mu 1957, anavutika kwa zaka zambiri ndi mpira wokhotera kumanzere, ndipo kagwiridwe kake kanali kolepheretsa nkhope kutsekeka. Wophunzira wa slice akatengera kagwiridwe kotere angakulitse vuto lake.

Thandizo la zida

Zida sizisintha chizolowezi cha thupi, koma zingachepetse kukhota. Driver ya madigiri 12 imakhululuka kuposa ya madigiri 9. Pali driver zomwe mutu wake ndi wolemera cha kuchidendene, kapena nkhope yake ndi yotsekeka pang'ono, kuti zizitembenuka msanga. Kuyambira pamene kampani ya TaylorMade inatulutsa driver ya r7 mu 2004, ndodo zokhala ndi timiyala tachitsulo tosunthika zafala. Wosewera ambiri amapezanso kuti ndodo ya 3-wood, yomwe ndi yaifupi komanso yopendekeka kwambiri, imawongola mpira kuposa driver pa maenje opapatiza.

Malamulo amaika malire pa zimenezi. Wosewera saloledwa kusintha makonzedwe a ndodo masewera ali mkati n'kumenyera ndodoyo. Saloledwanso kupaka mafuta kapena chinthu china pa nkhope kuti mpira uchepetse kuzungulira. Choko ndi paudala ndi za poyeserera pokha.

Mtengo wa slice pa masewera

Pa gofu, nthawi zambiri wopambana ndi amene wamaliza maenje onse atamenya mpira kochepa. Mpira ukatuluka kunja kwa malire a bwalo, kapena ukasowa, wosewera amaonjezeredwa 1 pa chiwerengero chake ndipo amabwerera pomwe anamenyera. Motero womenya pa tee amakhala akumenya kachitatu asanasunthe n'komwe. Kuyambira mu 2019 nthawi yofunafuna mpira ndi mphindi 3, pomwe kale inali mphindi 5. Pofuna kusunga nthawi, malamulo amalola kumenyeratu mpira wina wongoyembekezera, bola wosewera auze anzake asanamenye.

Slice m'mabwalo a ku Malawi

Ku Malawi gofu amaseweredwa m'makalabu monga Lilongwe Golf Club, yomwe ili ndi maenje 18, Blantyre Sports Club, Limbe Country Club, komanso ku Mulanje, Thyolo, Mzuzu ndi m'minda ya nzimbe ya Nchalo ndi Dwangwa. M'boma la Kasungu muli bwalo la gofu pa sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa mu 1981 kum'mawa kwa tauni ya Kasungu. Kwa wosewera wochokera m'madera olima fodya a kumpoto kwa bomali, monga kwa Kaluluma, kukafika pa bwalo ndi ulendo wofuna nthawi ndi ndalama, ndipo mipira ya gofu imachokera kunja kwa dziko. Mpira uliwonse wosowa m'tchire ndi ndalama yotayika. N'chifukwa chake kuwerenga kauluke ka mpira ndi luso lofunika kwa wosewera wotere, popeza sikufuna makina, ndipo kagwiridwe ndi kaimidwe angathe kuziyeserera pakhomo popanda mpira.

Nyengo imasintha zotsatira za slice. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, udzu wa m'mbali mwa fairway umakula, ndipo mpira wosochera umavuta kupeza m'mphindi 3. M'chilimwe nthaka imauma gwaa, ndipo mpira wotera ukukhota umadumpha n'kugubudukira kumanja komweko. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumaomba mphepo ya mwera yochokera kummwera chakum'mawa. Mphepo yoomba kumaso imakulitsa kukhota, yoomba kuchokera kumanzere imaonjezera kusochera, pomwe yochokera kumbuyo imawongolako mpira. Chigwa cha Kasungu ndi Lilongwe chili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Kumeneko mpira umapita patali pang'ono ndipo umakhota mocheperako kusiyana ndi ku Nchalo, m'chigwa cha Shire, komwe ndi kotsika.

Anyamata onyamula zikwama za osewera, otchedwa caddie, amaona mipira yambiri ikuuluka tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa iwo amadzakhala osewera aluso. Caddie woima kumbuyo kwa wosewera amaona bwino komwe mpira wayambira kuposa mwini wakeyo. Poyeserera angathandizenso kuona ngati mapewa alunjika, kapena kujambula kamenyedwe ndi foni. Pa masewera enieni, malamulo salola caddie kuima kumbuyo pa mzere wa chandamale pamene wosewera wayamba kukonza kaimidwe kake.

Anthu ena amayeserera m'madambo ndi m'mabwalo a mpira wamiyendo. Mpira wa gofu ndi wolimba, umalemera pafupifupi magalamu 46, ndipo womenyedwa ndi driver ndi munthu wamkulu umanyamuka pa liwiro lopitirira makilomita 200 pa ola. Wosewera wa slice ayenera kuonetsetsa kuti kumanja kwake kulibe anthu, ziweto, nyumba kapena msewu, osangoyang'ana kutsogolo kokha.

Kusiyana kwa slice ndi fade

Si mpira uliwonse wokhotera kumanja womwe ndi wolakwika. Ukakhota pang'ono mwadala n'kutera pa chandamale, umatchedwa fade. Akatswiri monga Jack Nicklaus ndi Lee Trevino anapambana mipikisano ikuluikulu akudalira kamenyedwe kameneka. Mpira wokhotera kumanzere pang'ono umatchedwa draw, ndipo ukakhota mopitirira umatchedwa hook. Fade ndi slice zimachokera ku gwero limodzi, kusiyana kwake ndi kukula kwa mpata pakati pa nkhope ndi njira. Pa fade mpatawo ndi wa madigiri ochepa ndipo umabwerezeka mofanana nthawi zonse. Pa chifukwa chimenechi aphunzitsi ambiri sakakamiza wophunzira kumenya mpira wowongoka kotheratu, koma amamuthandiza kuchepetsa slice mpaka isanduke fade yomwe angaidalire.